Chikwapu Changa Chinandipeza Kumbuyo

Nkhani iyi sindinauzepo munthu. Amene anaiona ndi awiri okha, mayi a kunyumba ndi mwana wanga Falesi, ndipo onse ndinawapempha kuti atseke pakamwa. (Mayi a kunyumba anapirira masiku awiri. Kenako azimayi a kumvano anayamba kundipatsa moni atagwira pakamwa.) Ndiye bola muimve kwa mwini wake.

Falesi ndi namwino kumpoto. Atamva kuti mawondo andikana, ndipo ndikungokhala pakhonde kuwerenga maminibasi a ku Liwonde, ananditumizira thumba la zingwe za nayiloni, zofiira, zobiriwira ndi zachikasu, zija amati ndi za palachuti. Anati ndizilukako tizingwe ta makiyi kuti manja asaume. Koma manja anga za makiyi sadziwa. Ndinangoona ayamba okha kuluka chikwapu, monga ankachitira ndi khonje kale tikamalonda mpheta kumunda wa mpunga.

Apa ndinene chimene chimandidya. Falesi ali ndi zaka ngati khumi, ndinamutuma kukalonda mbalame kumpunga. Iye anazemba n'kupita kusukulu, mpheta zinachita phwando tsiku lonse. Pobwerako ndinamudikira panjira ndi chikwapu cha khonje. Ndinamukwapula kamodzi kokha, pakatumba, koma chipsera chake chilipo mpaka lero. Ine sukulu sindinkaidziwa. Ya kwacha ndinailowa imvi zitayamba kale, ndipo tsiku limene ndinalemba dzina langa koyamba ndi pamene ndinamvetsa chimene mwana uja ankathamangira. Koma mawu oti pepa sindinamuuze. Zaka zonsezi mawuwo amafika pakhosi n'kubwerera.

Tsono Falesi ataimba kuti akubwera kutchuthi Loweruka, mtima unadumpha. Sindinafune apeze chikwapu pakhomo, cholukidwa ndi zingwe zake zomwe. Munthu wanzeru akanangochimasula. Ine ndinaganiza zochimaliza msanga kuti ndikachipereke kwa Che Bwanali, mnzanga wa ngolo.

Loweruka m'mawa ndinakhala kuseri kwa nyumba, pansi pa papaya. Ndinakoleka chingwe ku chala chachikulu chakuphazi, monga timachitira ndi khonje, n'kumaluka. Chinkakongola, anthuni. Chofiira chinkalowa pansi pa chachikasu ngati msana wa njoka. Ndili mkati, mayi a kunyumba anafuula kuchokera kukhitchini.

"Bambo a Falesi! Mwana watsika pa Songani, akufuna kabaza!"

Ndinadzambatuka, kuiwala kuti phazi ndi manja zili pa chingwe chimodzi. Phazi linapita kwake, ine kwanga. Ndinakadzuka m'mbatata, masamba ali m'kamwa.

"Mwatani kumeneko?"

"Ndikuona mbatata ngati zakhwima."

"Mbatata amaonera ndi mphuno?"

Ndinabwerera pansi pa papaya. Ndinamaliza kuluka mofulumira. Tsono nayiloni ali ndi khalidwe lake: ukamudula amayoyoka, mpaka umuwotche kunsonga. Ndinatenga khala la moto, ndinawotcha, nsonga inasungunuka bwinobwino. Koma khonje timalimaliza polipota ndi zala, ndipo zala zanga, osandifunsa, zinagwira pamenepo. Chinthucho chinamatirira. Ndinakutumula dzanja, osachoka. Ndinaika chala m'kamwa. (Musaseke. Inunso mukapsa chala mumachiika kuti?) Mlomo nawo unalandira gawo lake.

Apa ndiye ndikanasiya. Koma ndani analukapo chikwapu n'kuchipereka asanamve kulira kwake? Ndinati kamodzi kokha. Ndinaima bwino, ndinazunguza pamwamba pa mutu ngati masiku aja, n'kugwetsa dzanja. Zii. Kachiwiri chinadula tsamba la papaya. Nkhuku zinaima n'kumandiyang'ana. Kachitatu ndinaikapo mphamvu zonse za ukalamba wanga, osakumbukira kuti chingwe ichi n'chachitali ndiponso choterera kuposa khonje.

Chinalira, thwa! Kulira kokoma, kwa chikwapu chenicheni. Koma chinalirira pa ine. Chinazungulira kumbuyo n'kundipeza pamalo pamene munthu amakhalira, mpaka buluku kung'ambika.

Mfuu umene ndinakuwa, ndikhulupirira unakagunda phiri la Zomba n'kubwerera. Ndipo nthawi yomweyo kabaza anaima pabwalo.

"Ababa! Chachitika n'chiyani?"

"Palibe, mwanangu. Wayenda bwanji?" Ndinkalankhula nditatsamira khoma, mlomo uli ndi thuza, chikwapu chili pamapazi.

"Abambo akowa akhala akumenyana okha kuyambira m'mawa," anatero mayi ake. "Ndipo akugonja."

Bala linali pamalo oti mwana wamkazi sangaone, unamwino kapena ayi. Choncho ndinagona chafufumimba kuchipinda, mayi a kunyumba atagwira thonje, Falesi ataima kuseri kwa chitseko n'kumalamula.

"Amayi, latalika bwanji?"

"Ladutsa mbali zonse ziwiri, ngati msewu wa Liwonde."

"Tsukani ndi madzi a mchere. Osakhula ngati poto."

"Inu mayi, pang'onopang'ono!"

"Khalani chete. Analuka ndani?"

Falesi ankaseka mpaka chitseko kugwedera. Nanenso ndinayesa kuseka, koma misozi inali itayamba, ndipo sinali ya mchere wokha. Ine ndine munthu wamkulu, chikopa changa n'chokhakhala, ndinavalanso buluku, koma ululu unali wotero. Nanga kamwendo kaja, ka zaka khumi, kopanda kanthu?

Masana anandiyalira mphasa pakhonde, ndinagonanso chafufumimba. Falesi anatola chikwapu chija, anachitembenuza, anachiyendetsa m'zala zake.

"Mwaluka bwino, ababa," anatero motsitsa mawu. "Dzanja silinaiwale."

Anachikoleka pa msomali n'kutenga tsache. Munthu ukagona choncho maso amakhala pafupi ndi pansi, ndiye pamene ankasesa ndinkangoona akatumba ake. Chipsera chija chinkadutsa pamaso panga, kupita, kubwera. Ndinatsegula pakamwa.

"Falesi."

"Ababa?"

"Kumpotoko mvula inagwa bwino?"

Ndi zimene ndinanena, ine chitsiru chokalamba.

M'mawa mwake ndinamupeza pabwalo akupeta mpunga. Ndinayenda pang'onopang'ono ngati bakha, ndinafika patsogolo pake, n'kugwada. Mawondo analira onse awiri.

"Ii, ababa, dzukani! Anthu akupita kutchalitchi, akuonani!"

"Aone. Kukhala pansi sindingathe, ndiye ndagwada. Mwanangu, tsiku lija la mpheta, iwe sunalakwe. Ndinalakwa ndine. Pepa."

Anaika lichero pansi. Anayang'ana mpunga. Kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Ndinkaganiza kuti munaiwala," anatero.

"Sindinaiwale ngakhale tsiku limodzi."

"Ndiye mwachedwa, ababa. Koma mwafika."

Ndinafuna kudzuka mwaulemu, nkhani ithere pabwino. Mawondo anakana. Anachita kundigwira m'khwapa mwana wanga yemweyo, n'kundiimika, ndipo nditaima sanandisiye msanga.