Tsiku limene ndinayeza apongozi ndi bango

Anzanga, mukafuna kuchitira apongozi zabwino, yambani mwafunsa. Ine sindinafunse.

Ndinagwirako ntchito yosamalira maluwa pa loji ina ku Zomba, ndipo kumeneko ndinaona chinthu chimene chinandikhala pamtima: malo osonkhapo moto apanja, omangidwa ndi njerwa, kumutu kwake chumuni chachitali, alendo n'kumawotcha nyama ali chiimire. Ntchito itatha ndinabwerera kwa Mwambo kumene ndili pachikamwini, ndipo tsiku ndi tsiku ndinkaona apongozi anga aakazi, Anambewe, atawerama padzenje lowambira milamba, utsi uli m'maso, dzanja lili pamsana. Zinkandimvetsa chisoni. Ndinati ndiwamangira chonga cha kuloji chija aziwamba nsomba osawerama, mudzi udziwe kuti pano pali mkamwini.

Vuto lake kwathu kuno mkamwini sacheza ndi apongozi. Tikakumana panjira wina amapatukira m'chimanga. Wotifikitsira mawu ndi mkazi wanga, koma iye anali ku Songani kosamalira mng'ono wake amene anali atangochira mwana. Ndinati zili bwino, adzangoona zitatha.

Tsono waya woikapo nsomba amafunika kukhala pamsinkhu wa mwiniwake, ine tepi ndinalibe. Ndinakadula bango kudambo. Apongozi akuyanika mpunga atandifulatira, ndinanyang'ama n'kuimika bangolo kumbuyo kwawo, ndinaika chizindikiro m'chiuno, kenako ndinati bwanji ndiikenso cha kumutu kuti chumuni chidzawapitirire. Anatembenuka ndili pantchito imeneyi. Anandiyang'ana, anayang'ana bango, n'kulowa m'nyumba osatola ngakhale lichero. Ine ndinati ndi manyazi a masiku onse. Kodi zinandifika m'mutu kuti munthu amayezedwa ndi bango kamodzi kokha, ndipo patsikulo sakhala akuyanika mpunga?

Ndinasankha malo kuseri kwa nyumba yawo, pafupi ndi mtengo wa mango, kutali ndi denga laudzu. Ndinamanga chachitali cham'litali kuti nsomba zizikwana zambiri, kumutu n'kukweza chumuni. Ndinapaka pulasitala, ndinathira laimu, chinayera kuti mbee. Popeza inali mphatso, simenti isanaume ndinalemba ndi msomali dzina lawo pachumunipo, pansi pake chaka. Kenako ndinachifunditsa nsalu yoyera yapabedi kuti dzuwa lisang'ambe simenti ndiponso mbuzi zisakwerepo.

Odutsa akafunsa ndinkayankha monyadira kuti ndi cha Anambewe, tidzavundukula Loweruka, mubwere. Ena ankavula zipewa. Ine ndinkati akulemekeza luso. Apongozi anasamukira kwa mchimwene wawo, a Makwinja, amene ndi mwinimbumba, ine n'kumati apita kocheza.

Loweruka m'mawa ndikuchokera kunyanja ndi milamba yoyesera, ndinapeza pakhomo padzaza. Amayi akumpingo akhala pamphasa, mkazi wanga wabwera pakabaza maso ali psuu, ndipo chikwama changa, khasu ndi nsapato zili panja zondidikirira. Apa ndiye ndinadziwa kuti zavuta, chifukwa mkamwini katundu wake akatuluka kawirikawiri sabwereranso.

A Makwinja sanakweze mawu. "Akamwini, mlongo wangayu akudwala chiyani chimene inu mukuchidziwa, ife eni ake osachidziwa?"

Ndinathamangira kuseri, anthu akunditsatira, n'kukoka nsalu ija. Abale inu! Ndinachiona koyamba ndi maso a anthu ena. Choyera, chachitali ngati munthu wogona, chokwera kumutu, dzina ndi chaka. Chiliza chenicheni, changotsala vesi.

Ndinafotokoza ndikuchita chibwibwi za loji, za msana, za utsi. Palibe anakhulupirira mpaka ndinasonkha moto n'kuyala milamba pawaya. Utsi utatulukira pachumuni, pamwamba penipeni pa dzina la apongozi, mayi wina anayamba kuseka mpaka anagwira mtengo wa mango, ena onse n'kutsatira. A Makwinja anatembenukira kumbali mapewa akugwedezeka. Mkazi wanga anandiyang'ana ndi diso loti tikakambirana, koma chikwama anachilowetsa.

Apongozi okha sanaseke. Ndinamva pambuyo pake kuti masiku oyamba analira ndithu, koma kenako ankabwera kudzasuzumira kunsi kwa nsalu ine ndikapita kudimba, ndipo anali atauza kale anzawo kuti mkamwini wawo ndi woipa mtima inde, koma chiliza chotere palibe adzakhale nacho m'mudzi muno. Anazungulira chinthu chija, anagwira pulasitala, n'kuitana mwana wawo.

"Uwafunse amuna akowa. Ndiye kuti changa palibe?"

Iwo anapitiriza, maso ali kwa mwana wawoyo.

"Uwauze kuti nsomba ndiziwamba padzenje langa lomwe lija. Koma bango lija asataye."

Mpaka lero akuwerama padzenje lawo, ndipo pachomanga changa amaikirapo nkhuku. Bango lili kudenga, nthawi zina amatuma mkazi wanga kudzaona ngati chiswe sichinalidye. Ine ndinalumbira kuti sindidzayezanso munthu wamoyo. Ngakhale mwana wanga akafuna yunifolomu, apite yekha kwa telala.