Munatha Fashoni, Atate ake Tamara

Lolemba

Amake Tamara andilasa m'mawa uno kapu ya tiyi ili pakamwa. Loweruka kuli ukwati wa mwana wa mng'ono wawo ku Matero, ndiye ati: "Ine nizayenda na azimayi a komiti. Imwe mubwere mweka. Munatha fashoni."

Ine! Kutha fashoni! Akunena ndi munthu amene ndinakam'tenga ku Katete atavala nsapato za pulasitiki!

Chikundiwawa n'chakuti akuchikazi onse adzakhala pakhomo pa holo, n'kundiona ndikulowa ndekha ngati wodzakonza mipando. Adzayamba kunong'onezana kuti banja lija lagwedezeka. Ayi, sindilola. Pofika Loweruka ndikhale ndili m'fashoni, tikalowe awiri.

Vuto n'loti mawuwa sindikuwamvetsa bwino. Ndafunsa pa shedi yathu ya ukalipentala pano pa Kalingalinga.
Wowotcherera mageti: "Fashoni ni vovala vodula."
Mayi wa vitumbuwa: "Iyayi, ni vovala ving'ono."
Mkulu wa mpingo wodzafunsa za benchi: "Ndi chiwanda." Chonsecho iye wavala nsapato zosongoka ngati msomali.

Lachiwiri

Lero ndatchera khutu. Kani mawuwa ali paliponse! Magetsi akazima, ati yakhala fashoni. Kusudzulana, fashoni. Bipi, fashoni. Kutsegula tchalitchi m'kalasi ya sukulu, fashoni. Mwana wa aneba watenga pakati asanalembe mayeso, amayi ake omwe ati ni fashoni ya masiku ano.

Masana kwabwera mayi wina wa kumayadi, akufuna tebulo la matabwa akale, osapala, mabowo a misomali azioneka. "Osasalaza, ba kalipentala, ni fashoni." Moyo wanga wonse ndakhala ndikupuma fumbi lopala matabwa, lero ulesi wasanduka luso!

Tsono ngati fashoni ndi choipa chimene achita anthu ambiri, munthu wotha fashoni si ndiye wabwinoyo? Nanga akundisiyiranji? Mutu ukuzungulira. Mawa ndipita kwa mlamu wanga Fakisoni, mlongo wawo wa amake Tamara, amene amagulitsa salaula, zovala zakale za m'mabelo, m'tauni.

Lachitatu

Mlamu waona suti yanga yabulauni, ija ndinakwatira nayo. Waseka mpaka wakhala pa belo. "Mulamu, iyi muipeleke ku myuziyamu."

Zimene wandisankhira:
buluku lothina, lothera pamwamba pa kakolo;
shati ya maluwa, yofanana ndi katani ya m'chipinda mwathu;
jekete limene mabatani ake sakumana;
masokosi, palibe!

Ndikuti bulukuli ndi la mwana wa sukulu. Ati ni slimu fiti. Kuti lilowe, ndagona chagada pa belo, iye akukoka, mnzake wa sitandi yapafupi akundiuza kuti ndisapume. Lalowa. Miyendo yachita dzanzi pomwepo. "Fashoni ibaba, mulamu. Limbani."

Ndabisa zonse ku shedi, kuseri kwa zitseko za kasitomala. Amake Tamara adzangoona Loweruka, adzagwira pakamwa.

Lachinayi

Lero ndapita kometa. Mlamu ati mutu wanga ukufanana ndi munda wa thonje. Wometa akuti ayeretsa m'mbali, pamwamba asiya, kenako apaka mankhwala akuda.

Wameta mbali ya kumanja, wapaka mankhwala, magetsi thii!

"Yazabwera manje manje, ba mudala." Sanabwere. Ndabwerera kunyumba mbali imodzi ndili mnyamata, mbali ina ndili agogo. Ndavala chipewa mpaka pa chakudya.

Amake Tamara: "Chipewa m'nyumba? Mwalowa ndale?"

Tamara, mwana wanga ndithu, wobereka ndekha, wachivula modzidzimutsa. Wagwa pansi ndi kuseka. "Ba dadi, mwaoneka monga DJ wamene banamuchosa nchito!" Anaphunzira mwano umenewu ku saluni kumene amagwira.

Lachisanu

Mutu amaliza. Usatchulidwenso.

Mankhwala aja adetsa pilo. Amake Tamara akufunsa amene wapukutira nsapato pa bedi. Ndikuyang'ana kudenga.

Masana ndikuyeserera kuyenda kuseri kwa shedi. Zotsatira: kuyenda kukutheka ndikamaponya miyendo ngati dokowe. Kuwerama ayi. Kukhala pansi, pang'ono, chammbali. Nsapato zopanda masokosi zanditulutsa matuza kuzidendene zonse. Koma ndadziona pa galasi la wadiropu ya kasitomala, ndipo ndinene zoona, munthu uja sindinam'dziwe. Ndiye kuti zikuyenda!

Ndamva kuti apongozi afika kuchokera ku Katete. Bwino kwambiri. Aone okha kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wa m'tauni.

Loweruka

Mayo ine!

Amake Tamara alawirira ndi a komiti. Ine ndavalira ku shedi. M'minibasi ndakhala chopendekeka, mwendo umodzi uli pakhomo, kondakitala akuudumpha.

Pa holo anthu ali mbwee. Akunditembenukira. Mtima ukuti eya, fashoni yagwira. Ndikufunafuna mkazi wanga ndi maso, ndipo amene ndikuwaona ndi apongozi, ali pamphasa pansi pa mtengo, pafupi ndi khomo, pakati pa azimayi akuluakulu akumudzi.

Thukuta kamukamu. Mkamwini salonjera apongozi ali chilili. Umaima patali, n'kunjuta pansi, n'kuomba m'manja. Mlamu sanaganizeko zimenezi, ine ndemwe sindinaganizeko. Njira zilipo ziwiri: ndiwapatse moni ndili njo, mbiri ikafike ku Katete kuti mkamwini uja tauni inamudya mutu, kapena ndinjute.

Ndanjuta.

Kweee! Buluku lang'ambika kuchokera pa lamba wakumbuyo mpaka kutsogolo. Ngakhale oimba kwaya amva. Mphepo ya ku Matero yalowa mwaufulu. Apongozi atembenuzira nkhope kumbali monga mwa mwambo, ati: "Mwafika bwino, atate?" Koma mapewa awo akugwedezeka. Ine ndikungoomba m'manja osaleka, poti ndikaleka ndiyenera kuimirira, ndipo kumbuyo kwanga kuli mzere wonse wa operekeza mkwatibwi.

Ndangomva nsalu ikundizungulira m'chiuno. Amake Tamara amasula chitenje chimene anamanga pamwamba pa diresi, andikulunga nacho. "Imani. Osayang'ana kumbuyo." Dzanja limodzi agwira mfundo ya chitenje pachiuno panga, lina agwira dzanja langa. Talowa m'holo choncho, awiri, pang'onopang'ono ngati akwati ndife.

Chitenjecho n'cha komiti, nsalu imodzi ndi diresi lawo. Achinyamata akweza mafoni. "Onani ba ankolo na ba anti, bavala vofanana! Iyi ndiye fashoni!" Nthungululu! Ndikufuna nthaka ing'ambike nayonso.

Titakhala, andinong'oneza: "Nanga misala iyi anakuuzani ndani?"

Ndikuti ndinu, munati ndinatha fashoni.

"Ninakamba za vovala ine? Imwe tikayenda, mumathamanga kutsogolo monga muthawa ngongole, ine kumbuyo na chikwama monga wanchito wanu. Pa maliro, pa tchalitchi, paliponse. Anzanu masiku ano ayenda pamodzi na akazi awo. Ndiye fashoni nimakamba."

Ndikuti bwanji osanena choncho?

"Munanifunsa?"

Kalingalinga yense ndinam'funsa, kupatula iwo.

Lamulungu

Zimene ndatsala nazo: matuza, mutu wa DJ, buluku limene mwendo uliwonse tsopano uli pawokha. Mlamu ati salaula sibwerera. Tamara ati kanema wanga wafika mpaka ku Chawama, ndipo ena akufunsa telala amene anasoka. Apongozi atumiza uthenga woti mkamwini ali ndi ulemu, koma azidya pang'ono.

Nthawi ya tchalitchi, amake Tamara aima pakhomo, atambasula dzanja. "Tiyeni."

Ndikuti pano? Masana ano? Atate anga anafa osagwirapo dzanja la amayi pagulu, ngakhale pa chipatala. Dzanja lawo lili pomwepo.

Ndagwira. Tadutsa pa mpopi, azimayi asiya kutunga. Anyamata a pa bala akuimba likhweru. Wina wafuula: "Ba mudala, mwadwala? Bakupelekani ku kiliniki?" Pakhomo pa tchalitchi dikoni wafunsa ngati ndikufuna pemphero la maso.

Manyazi andigwira njira yonse, ndisaname. Koma china chandigwira kuposa manyazi. Dzanja lawo ndi lokhakhala kuposa langa, ine wa matabwa, chimene dzulo ku holo kuja sindinachizindikire. Sopo, makala, zigubu za madzi. Zaka zonsezi ndimagona nawo nyumba imodzi, sindimadziwa.

Pobwerera ati tidzere kumsika, njira yaitali ija, kumene kuli anthu ambiri.

Chabwino. Tidzera konko.