Tsiku limene ndinagawidwa ndili m'nkhokwe

Mpaka lero ndikamadutsa m'mudzi uja wa kufupi ndi Mayani, amayi ena amaphimba pakamwa ndi nsalu, ndipo ndimadziwa chimene akuseka. Bola ndikuuzeni ndekha, chifukwa iwo akamafotokoza amathira mchere wambiri.

Ine kwathu ndi ku Lobi, koma ndinakwatiwa ndi Mngoni, ndiye ananditenga kukakhala kwawo. Nthawi ya nkhondo ya Azungu ija amuna anga anagwidwa utengatenga, kukasenza katundu wa asilikali. Ndinatsala ndi mwana wathu mmodzi, Filipo, ndi munda. Kulima ndekha, kupalira ndekha, kututa ndekha. Nyemba za kudimba ndinazisenza pamutu mpaka ndinasinthanitsa ndi kamsoti ka mbuzi kakuda, kamene ndinkagona nako m'nyumba nthawi ya chisanu. Kanakula, kanatenga bere.

Kenaka anzawo amene anabwerako anatiuza kuti amuna anga anatsalira m'njira ndi kamwazi. Tinalira maliro opanda mtembo. Titameta, apongozi anga aakazi anandinong'oneza kuti mawa lake alamu anga awiri, aLufeyo ndi aChikhosi, abwera kudzalongosola za katundu wa malemu. Ndinafunsa za mbuzi, poti malemuwo sanaionepo n'komwe. Anandiyang'ana mwachisoni nati chilichonse choponda pabwalo la mwamuna n'cha mwamuna.

Ndiye ndinaganiza zoibisa. Kuthengo kuli afisi, m'nyumba adzalowamo, anansi ndi apakamwa. Maso anga anagwera pa nkhokwe. (Musandifunse kuti munthu wamkulu amabisa bwanji mbuzi m'chimanga. Chisoni chimadya nzeru.)

M'mawa anthu atabalalika, ndinasendeza denga la nkhokwe, ndinatsamiritsa makwerero, mbuzi paphewa. Mbuzi ya bere imalemera ngati mtondo, kungoti mtondo suponya mateche. Ndinafika pamwamba thukuta lili kamukamu, ndinaigwetseramo. Iyo sinadandaule. Inangoyamba kukukuta chimanga changa, uku ikulira mokondwa ngati yafika kumwamba. Ndinaona kuti iulula, ndiye ndinalowamo kuti ndiimange pakamwa ndi luzi. Polowa, phazi langa linakankha makwerero, n'kugwera pansi.

Ndikanatha kudumpha, koma nthawi yomweyo ndinamva mawu a amuna kuseri kwa nyumba. Alamu anali atalawirira. Ndinakokera denga pamutu, ndinakhala pa chimanga, mbuzi ndili nayo pachifuwa, dzanja pakamwa pake.

Ndinkati alowa m'nyumba. Ayi ndithu. Mphepo ya Juni inali ikuwomba kuchokera kuphiri, ndipo malo abwino oothera dzuwa pabwalo ponse anali pa nkhokwe yangayo. Anakhala pansi, misana n'kutsamira pomwe ndinali ine. Ndinkamva ngakhale fungo la fodya wawo. Apongozi anati mwina ndapita kuchitsime, andidikire. ALufeyo, amene anali aakulu, anati palibe chodikirira, nkhanizi sizikundikhudza.

Anayamba ndi makasu ndi nkhwangwa, zinatha msanga. Nkhokwe ndi chimanga chake anatenga aLufeyo. Atafika pa mbuzi ndiye panavuta. Sanaione pabwalo, koma ankaidziwa bwino, mpaka banga loyera la pamwendo. Wina akuti ndine wamkulu, wina akuti iwe watenga kale chimanga. Anakangana mpaka miyendo yanga inachita dzanzi, anankafumbwe akuyenda m'khosi mwanga, ine osatha kukanda.

Mkangano uli pakati, aLufeyo anakumbukira.

"Nanga mkaziyu?"

"Mutengeni inu," anatero aChikhosi.

"Ine ndili nawo awiri kale. Mutenge iwe, amalima bwino."

AChikhosi anati, "Ndimutenga ngati abwera ndi mbuzi."

Basi, nkhani yanga inathera pomwepo. Ya mbuzi inatenga m'mawa wonse, yanga sinafike potafuna mtedza n'kumeza. Apongozi anafunsa za Filipo, ndipo aLufeyo anati imeneyo si nkhani, ng'ombe za lobola zinapita kale ku Lobi, mwana ndi wa pano kaya mayi wake akhala kaya apita. Ndinalira mwakachetechete, nkhope nditaibisa m'ubweya wa mbuzi.

Ndiyesa ndinaifinya kwambiri. Inakodza. Mkodzo unadutsa m'chimanga, unatulukira m'mipata ya nsungwi, n'kutsikira pamsana pa aChikhosi. Iwo anayang'ana kumwamba nafunsa ngati mvula imagwa mu Juni. Atanunkhiza, anatenga chibonga n'kumenya nkhokwe. Mbuzi inadzidzimuka, inapulumuka m'manja mwanga, inalira kulira kumene kunamveka mpaka kudimba. Ndinailumphira kuti ndiitseke pakamwa. Mitanda ya pansi inali itadyedwa ndi chiswe (ndinali nditawapempha alamu omwewa kuti andisinthire, ankangoti mawa), ndiye inathyoka. Nkhokwe inapendekeka, inang'ambika, ndipo ine, mbuzi ndi chimanga tinakhuthukira pamapazi pawo.

Ine ndinachita zimene ndinaphunzitsidwa kuyambira ndili mwana. Ndinagwada bwinobwino pa chimangapo, ndinawomba m'manja.

"Mwadzuka bwanji, alamu?"

AChikhosi anati sangalowe chokolo kwa mkazi wokhala m'nkhokwe ngati khoswe, koma mbuzi atenga, ikhale chipepeso cha msana wawo. ALufeyo anandiuza kuti nditole chimanga chawo nkhuku zisanamalize. Ndinatola mpaka dzuwa linapendeka, chimanga cholima ndekha, mudzi wonse ukuonerera.

Patapita masiku ochepa anandisudzula. Ndinanyamuka ndi mbiya imodzi ndi khasu lotha limene onse awiri analikana. Filipo anafuna kunditsatira, apongozi anamugwira padzanja, nawonso akulira. Ndikapita kukamuona amandipatsa moni waulemu, amanditchula kuti amayi a ku Lobi. Ndinamva kuti mbuzi ija inaswa ana awiri m'khola la aChikhosi.

Mwina mukuganiza kuti ndinatengapo phunziro. Nditafika kwathu ndinadziuza kuti kuno ndi kwa amayi anga, munda ndi wathu akazi, palibe wondilanda. Ndinalimanso nyemba, ndinazisenzanso pamutu, ndinapezanso kamsoti. Ndimakamwetsa ndine, ndimakasesera m'khola ndine. Dzana kunabwera alendo, ndipo achimwene anga aYohane, amene sadziwa ngakhale kumene kamadya, anawatengera kukhola. Ndili pamtondo ndinawamva akunena kuti, "Bwerani mudzaone mbuzi yanga."

Ndinaimika munsi, ndinatsegula pakamwa. Kenaka ndinapitiriza kusinja, poti alendowo anali asanadye.