Chigwa Chimene Ndinasankhira Baba Rashidi

Zimitsa foniyo, iwe Twaibu, chifukwa ndakumva ukunong'oneza anzako kuti Che Amidu sanapondepo ku America, eti pasipoti yanga ilibe chidindo. Chidindocho chinalipo, koma chinauma ndi chisanu cha kumeneko n'kuthothoka ngati nkhanambo, ndipo amene akukayika atsike pabedi lakelo, akaime padzuwa la Karama lino, m'Dubai muno, mpaka nditamaliza. Wallahi, lero ndi Lachisanu, ndangochokera ku mzikiti, pakamwa panga sipangatuluke bodza.

Musandione lero ndi yunifolomu ya ulonda, ndikutsegulira odwala chitseko pachipatala cha ku Oud Metha. Ine ndinali dalaivala wa Baba Rashidi, Mwarabu wachuma wa ku Festival City, nkhalamba yokonda uta ndi mivi kuposa chakudya. Ankadziwa kuti kwathu ku Namwera ndinali mlenje, ndiye m'galimoto nkhani zathu zinali za nyama zokhazokha. Tsiku lina tikuchokera kwa dokotala wa mtima anati, "Amidu, akuti ndizigona n'kumadikira. Ine ndikufuna eliki." Eliki, anyamata inu, ndi nyama ya m'mapiri a ku America, yaikulu ngati ntchefu, nyanga zake zamphandamphanda ngati mtengo wouma, ndipo yamphongo ikafuna zazikazi imalira ngati chitoliro chosweka.

Masana omwewo anayala mapu patebulo, atazunguliza malo atatu ndi cholembera, n'kunena kuti, "Sankha iwe."

Tsono ine sindisankha malo ndi maso, maso amanama. Ndinagunditsa khutu pamalo oyamba, amene anali pafupi ndi msewu, ndipo ndinamva zitseko za galimoto zikumenyedwa, alenje akukokomola, wina akukazinga mazira, wina akukalipira mkazi wake pafoni, ndipo nyama zonse zinali zitasamuka kalekale kusiya ndowe zouma zokha. Ndinati, "Baba, apa ndi pamsika." Malo achiwiri ndinawanyambita ndi lilime, mukumva? Lilime linamatirira papepala chifukwa cha kuuma, panalibe kasupe, panalibe thope loti yamphongo igubudukemo, moti ndinamwa botolo lathunthu la madzi kuti ndithe kulankhulanso. Ndinati, "Apa tikafa ndi ludzu nyama tisanaione."

Malo achitatu anali chigwa chakutali, kuseri kwa mapiri, kopanda msewu, kopanda njira, kumene moto unapsereza nkhalango zaka zapitazo. Nditaika chala pamenepo chinabwerako chili ndi phulusa, chonyowa, ndiponso ndi ubweya wofiirira pansi pa chikhadabo, ndipo nditaika khutu eliki inalira m'mutu mwanga mpaka makapu a tiyi anagwedezeka patebulo, chifukwa pamene papsa pamaphuka msipu wanthete, ndipo kumtunda kwake kunali mthunzi wa mitengo imene moto unailumpha, ndipo kumunsi kunali madzi. Koma kuseri kwa kulirako ndinamvanso phokoso lina, la munthu akukumba dothi yekhayekha.

Ndinachotsa khutu msanga. Baba Rashidi anandiyang'ana nati, "Wamva chiyani?"

"Nyama ilipo, Baba. Koma tikapita awiri, wobwerako ndi mmodzi."

Anaseka, anapinda mapu aja, nati, "Khalas, basi, n'komweko."

Mwana wawo wamkulu, Hamadi, analetsa, analira, anabisa mpaka uta, koma nkhalamba ikatsimikiza simungaimange. Tinakwera ndege, kenako galimoto, kenako akavalo, ndipo pamene akavalo anakana kupitirira tinayenda pansi, ine nditasenza hema, mapoto, mivi ndi mankhwala a mtima, tikukwera phiri lotsetsereka moti ndinkaponda ndi mawondo n'kumagwira ndi mano, mpweya uli wochepa moti tinkachita kubwerekana, iwo akapuma ine ndidikire, ine ndikapuma iwo adikire, ndipo pamene miyendo yawo inatha ndinawabereka pamwamba pa katundu yense uja n'kumakwerabe, chisanu chikusandutsa ndevu zanga misomali. Mukumva? Iwe wa ku Chipata, leka kuseka, sunanyamulepo ngakhale sutikesi ya mlendo osadandaula.

Tinafika m'chigwa chija ndipo chinali ndendende monga ndinachimvera papepala. Mitengo yakuda yoima ngati anthu pamaliro, msipu wobiriwira pansi pake, kasupe akutuluka pamwala. Mapazi a alenje kunalibe, ngakhale chitini chimodzi. Tinakhala masiku angapo tikuzemberera, chifukwa nyama imeneyi imamva fungo la munthu mapiri awiri, moti ine ndinkagwira mphepo ndi manja n'kuipotoza kuti ipite kumbuyo kwathu. Baba anali akuchepa tsiku ndi tsiku, milomo ikuda, chakudya akukana, koma ndikati titsike ankangoti, "Wasankha bwino, Amidu, usawononge."

Mmawa wina nditaimika Baba kuseri kwa chitsa ndinapinda manja pakamwa n'kulira ngati yamphongo inzake yodzalanda akazi, ndipo chigwa chonse chinayankha, miyala inagubuduka, ndipo eliki inatulukira, anyamata inu, nyanga zake zikuthyola nthambi mbali zonse, mbalame zitamanga zisa pamphanda zake, nthunzi ikutuluka m'mphuno ngati ketulo, ikubwera molunjika kwa ife mpaka ndinaona nkhope yanga m'diso mwake. Baba anakoka uta. Munthu amene dzulo lake sankatha kukweza kapu anakoka chingwe mpaka pakhutu, n'kuima nji. Ndinanong'ona kuti, "Yalla, tiyeni Baba, lasani." Sanalase. Nditawayang'ana ndinaona kuti maso ali otseguka koma mwini wake wapita, mtima waima uta uli chikokere. Ndinawanenera shahada, mawu a chikhulupiriro chathu, m'khutu, ndipo pamene ndinamaliza zala zawo zinamasuka zokha, muvi unachoka, unalowa kuseri kwa phewa, ndipo nyama ija inagwada pamaso pa mtembo. Munthu wakufa anapha nyama yamoyo, ine ndikuona ndi maso awa.

Msilamu akamwalira sachedwa pamtunda, mukudziwa nonse. Ndinawasambitsa ndi madzi a pakasupe paja, ndinang'amba hema kukhala nsanda yokulungira mtembo, ndipo popeza ndinalibe khasu ndinazula nyanga ya eliki ija n'kuyamba kukumba dothi louma gwa ngati simenti, kukumba mpaka zikhadabo zinasosoka, mpaka nyanga inatha n'kutsala kachidutswa, ndipo chimbalangondo chimene chinabwera kutsata fungo la nyama chitaona kuti ndi maliro chinakhala pansi chapatali osakhudza kanthu mpaka nditakwirira. Ndinawagoneka atayang'ana ku Makka. Ndinaswali ndekha, imamu ndine, mpingo ndine. Pamenepo ndiye ndinalira, sindibisa, chifukwa munthu ameneyu ankandipatsa chikho chake chomwe kuti ndimwere.

Ndinatsika phiri ndekha, uta wawo uli paphewa. Nditafika kuno ku Dubai, Hamadi anandilandirira pakhomo, osandilola ngakhale kuvula nsapato, nandifunsa kuti, "Anasankha malo amenewo ndani?"

Ndinati, "Ine, bwana."

Anandilanda makiyi a galimoto tsiku lomwelo, katundu wanga anamuponya panja, ndipo anauza onse owadziwa kuti dalaivala wa ku Malawi anapha bambo ake. Ndinagona m'makonde mpaka kampani ya alonda inanditola. Mpaka lero Hamadi akadutsa ku Oud Metha amatembenuza nkhope.

Atembenuze. Akanakhala kuti anasankha ndi iye, bambo ake akanafera pabedi loyera, mapaipi ali m'mphuno, anamwino akuwatembenuza ngati thumba. Ine ndinawasankhira chigwa cha msipu ndi madzi, ndipo anafa ataimirira, uta uli m'manja, nyama itawagwadira. Fufuzani manda onse a mumzinda uno, a mashehe ndi a eni nsanja zazitalizi, simupeza munthu wogona pabwino ngati Baba Rashidi. Atandiyalira mapu omwewo mawa, chala changa chikagwa pomwepo, ndipo sichikanjenjemera.