Chithunzi cha Mjeremani ndi Mpando wa a Mtambalika

M'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri, umene dzina lake tilisunge poti eni ake akadali moyo, munafika Mjeremani wosema ziboliboli kudzafuna miyala. Anakhala chilimwe chonse akudya m'makomo mwa anthu. Potsanzika, mabanja khumi amene anamudyetsa anawasiyira chithunzi chimodzichimodzi.

Sichinali chithunzi cha kamera ayi. Mkuluyo anakanda mizere pa chitsulo cha mkuwa, n'kuchiviika m'mankhwala, n'kuchipaka inki, kenaka n'kudinda pa mapepala. Atadinda khumi, analemba nambala pansi pa chilichonse ndi pensulo, ndipo chitsulo chija anachiwononga ndi msomali anthu akuona, kuti pasadzatulukenso china.

Tinene chilungamo, chithunzicho chinali chokongola, ngakhale panalibe anthu awiri ogwirizana pa chimene chinajambulidwapo. Ena ankati ndi mayi wosenza nkhuni, ena ankati ndi mvula ya mkuntho. Banja lina linachipachika chadodolido n'kumaonapo mbuzi.

Amene anamvetsa zonse anali a Mtambalika, omwe anapuma ntchito ya ku positi, choncho ankadziwa ulemu wa chidindo. Iwo anayambitsa Bungwe la Eni Zithunzi, nadzisankha okha kukhala Wapampando Wamuyaya ndi Mlonda Wamkulu wa Luso la Kunja. Udindowu unali ndi phindu limodzi, koma lonona. Pa ukwati, pa chinkhoswe ngakhale pa maliro, mpando wa khushoni wa kutsogolo unali wawo, ndipo nthutumba ya nkhuku inkadziwa mbale yake.

Akapatsidwa mpata woyankhula, uthenga sunkasintha. "Abale anga, mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mjeremani uja anatiphunzitsa kuti chinthu chikachuluka chimapeputsidwa, chikasowa chimalemekezeka."

Chimene chinkawadya mumtima n'chakuti chithunzi chawo chinali nambala seveni. Munthu wa udindo, seveni! Nambala wani inali kwa Mai Kaliwo a chigayo, ataipachika pamwamba pa sikelo, pomwe ufa unkaiyeretsa tsiku ndi tsiku.

Basi anayamba kusonkhanitsa zithunzi za anzawo. Khomo lina anasiyako mbuzi, lina njinga, lina malata amene anasungira kufolera khitchini. Amene analola kusinthanitsa sitingawaseke, pakuti chithunzi sichikamidwa mkaka. A Mtambalika nawonso sitingawanene kuti anaba. Mai Kaliwo okha ndiwo anavuta, mpaka ngolo inatuluka pakhomo pa a Mtambalika.

"Abambo, mitambo yayamba kuda ndipo khitchini ili pambalambanda," anatero akazi awo, a Nangondo. "Kodi tifolera ndi Mjeremani?"

"Amayi, inu za luso zisiyeni. Zimafuna mutu."

"Mutuwonso udzanyowa," anayankha a Nangondo.

Zonse zitakwana, a Mtambalika anaitanitsa mudzi wonse pabwalo dzuwa likuswa mtengo. Anapatula nambala wani, ndipo zotsalazo, ndi seveni yemwe, anaziponya pamoto.

"Tsopano pa dziko lonse lapansi chatsala chimodzi," analengeza, "ndipo chili kwanga. Musayembekeze kuchiona. Ndichikulunga m'nsalu, ndichiike m'sutikesi, chifukwa dzuwa limasulutsa zinthu za mtengo wapatali."

Anthu anaomba m'manja mwaulemu. Mai Kaliwo anakweza chala.

"Pepani a Tcheya, nanga bungwe lija mamembala ake ndi ndani tsopano?"

"Ndine."

"Zikomo. Tamva."

Posakhalitsa mwana wa Mai Kaliwo anakwatiwa. A Mtambalika anasita jekete, napukuta nsapato, nanyamuka malovu ali m'kamwa. Atafika pa chisakasa cha ukwati, mayi wa mkwatibwi anawachingamira, nagwada mpaka pansi.

"A Tcheya, mwavutikiranji? Ife anthu wamba tinakhala pansi n'kuona kuti takhala tikukupeputsani. Maliro alionse muli pomwepo, ukwati ulionse muli pomwepo. Mwachuluka, bambo. Chonsecho munthu ngati inu alipo mmodzi, ndipo chitsulo chimene anakudindirani chinapita kale. Bwererani kunyumba, dzuwali lingakusulutseni."

A Mtambalika anatsegula pakamwa kuti atsutse, koma mfundo iliyonse imene anaigwira inali yawo yomwe, yonenedwa pamaso pa mboni, ina pamaso pa maliro. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Anasuzumira mkati mwa chisakasa, naona mpando wa khushoni uli ndi mwini kale.

"A Nangondo! Inu muli pamenepo?"

"Ife ndife ochuluka, abambo, sitisuluka," anayankha a Nangondo akutafuna nthutumba. "Mukafika muone ngati mvula sinalowe m'khitchini."

Anyamata awiri anawaperekeza atawafunditsa ambulera, kuopa dzuwa.

Mpaka lero a Mtambalika ndiwo munthu wolemekezeka kuposa onse m'mudzimo. Pa mwambo uliwonse dzina lawo limatchulidwa koyambirira, anthu n'kuwerama pang'ono, kenaka n'kuyamba kudya. Mlendo akapempha kuti awaone, amamulozera nyumba ya khitchini yosafolera, n'kumunong'oneza kuti munthu wotere watsala mmodzi yekha, ndipo saonetsedwa.