Makapisozi Anga, Tambala wa Adadi

Lolemba

Dzino latuluka. Lija lakumapeto kwenikweni, lomera chogona ngati chidakwa. Dokotala wachita kung'amba nkhama n'kusoka. Ati si aliyense amapatsidwa makapisozi akachotsa dzino lotere, koma langa bala ndi lalikulu, ndimwe lisachite mafinya. Fifteen. Katatu pa tsiku, osasiyira panjira.

Kufika kunyumba kuno ku Pamodzi, ndani ali pakhonde ndi chikwama? Achemwali Eneless, kuchokera ku Kitwe. Amayi ali kumaliro ku Lundazi, ndiye awatuma adzandisamale. Munthu amene anandichotsa pamzere wa operekeza ukwati wake, nditavutika ndi masitepe miyezi iwiri! Chichokereni tsiku limenelo sindinawalankhulepo.

Malamulo a sabata ino:
1. Osawalankhula.
2. Osadya chophika iwo.
3. Mankhwala ndizikumbukira ndekha. Grade 12 ndinakhoza ine.

Lachiwiri

Tsaya ngati ndabisamo mango. 06 hours yandidutsa ndili mtulo. Kudzidzimuka, pambali pa bedi pali sosala, kapisozi mmodzi, kapu ya madzi.

Ndamwa. Mankhwalawo ndi anga, madziwo ndi a pampopi. Iwo angonyamula basi.

Lachitatu

Njala! Buledi sindingatafune. Patebulo pali phala lansinjiro, lozizira bwino, losalala ngati la khanda. Ndikudya chifukwa makapisozi m'mimba mopanda kanthu amandichititsa mseru. Lamulo lachiwiri laphedwa ndi mankhwala, osati ndi ine.

Bana Mwape, aneba athu, abwera kudzazonda ndi pulasitiki ya makapisozi otsala: a chifuwa cha amuna awo, a chaka chatha, ena opanda ndi dzina lomwe. "Onjezerako awa, mwana wanga, uchire msanga." Achemwali akuwabweza m'Chibemba chaulemu, mukwai mukwai, uku chitseko chikutsekeka pang'onopang'ono.

Ndatsala pang'ono kuseka. Ulusi wandigwira.

Lachinayi

M'mimba mwatseguka. Maulendo asanu kuchimbudzi, wachisanuwo wothamanga. Ndikusiya mankhwala ine, dzino silikupwetekanso!

Achemwali aimba foni ku kiliniki. Ati zimachitika, ndimwe madzi ambiri, ndipitirize, koma zikakula kapena thupi likatuluka zidzolo ndipiteko msanga. Kenaka akhala pabedi, akundipukuta nkhope ndi kansalu konyowa, monga ankachitira ndikudwala chikuku ndili Grade 2. Dzanja ndi lomwe lija, lozizira.

Ndati, "Zikomo." Latuluka lokha. Liwu limodzi si kulankhula.

Lachisanu

14 hours. Payenera kutsala makapisozi atatu. Pali mmodzi.

Kufufuza, ndi adadi. Mkulu wa mpingo wathunthu! Atsegula awiri n'kuthira m'madzi a tambala wawo amene akuodzera chiyambire Lachiwiri. "Ndimayesa wachira, mama. Dzulo phala unamaliza mbale yonse."

Tawazinga awiri, ine uku, achemwali uku. Ine ndikufunsa ngati tambalayo wachotsedwa dzino. Achemwali akufunsa ngati dokotala analemba dzina la nkhuku pa envulopu. Adadi angoyang'ana nsapato zawo. Ndazindikira mochedwa kuti ndanena "Eti achemwali?" katatu konse.

Achemwali akwera minibasi dzuwa lili pamutu, kukafotokoza nkhani ya tambala ku kiliniki pamaso pa anthu. Abwera ndi makapisozi ena awiri. Ati anamwino aseka mpaka kugwira khoma.

Malamulo otsala: palibe.

Loweruka

Womaliza ndameza. Takaonetsa bala: lauma bwino, mafinya palibe.

Pobwerera m'minibasi achemwali akuyang'ana pawindo, osati ine. "Alamu ako anafuna malo a alongo awo pamzere paja. Ndinaopa apongozi. Ndinachotsa iwe chifukwa ndimadziwa kuti iwe sungandithawe. Ndinalakwa."

Yankho ndinalikonza kalekale, lakuthwa, la ndime zitatu, ndakhala ndikuliyeserera kubafa. Ndatsegula pakamwa. Ndangoti asendere uko, andikhalira chitenje.

Lamlungu

Ndikuwaperekeza kokwerera basi za ku Kitwe. Panjira aima kawiri kupumira. Kachitatu andigwira mkono n'kundinong'oneza: ali ndi pakati, miyezi itatu. Amayi sanauzidwe. Apongozi sanauzidwe. Ati kuchotsa alamu, woyamba ndine.

Ndawalanda chikwama. Ndawakalipira njira yonse: munthu wotere n'kumakwera maminibasi padzuwa? Iwo akungoseka.

Sindinakhululuke. Ndilembe poyera pano, sindinakhululuke. Koma mwanayo sanalakwe kanthu, ndipo payenera kukhala wina womuuza zoona za amayi ake.

Loweruka ndikupita ku Riverside, kwa achemwali ku Kitwe.