Ndinaperekeza Apongozi kwa Dokotala wa Maganizo

Mpaka lero ndikamva munthu akutchula dokotala wa maganizo, ndimayamba kufunafuna khoma loti ndiyang'ane. Zinachitika nthawi ya Chitaganya, ndili mkamwini kwa mfumu Kalindawalo, ku Petauke. Ndinali nditapeza ntchito ya m'sitolo ku Nyimba, ndipo chinatsala n'choti apongozi anga aakazi andilole kutenga mwana wawo Tisauke tikakhale kumeneko. Nkhaniyo itangowafika, mayiwo anasiya kugona, chakudya n'kumangochigwiragwira. (Inu mwaona kale pamene panali vuto. Ine wa Sitandade 6 sindinaone.)

Kuchipatala ku Petauke anawapima n'kunena kuti thupi lilibe kanthu, koma ku Lusaka kuli katswiri woona za maganizo. Tisauke anali woyembekezera, ndiye ndinadzipereka kuwaperekeza, cholinga aone kuti mkamwini wawo ndi munthu.

Tsono kwathu mkamwini sayang'anizana ndi apongozi, ngakhale kulankhula nawo maso ndi maso. M'basi iwo anakhala kutsogolo, ine kumbuyo pamatumba a mtedza. Ku Lusaka ndikafuna kuwafunsa kanthu ndinkayang'ana mtengo wa magetsi n'kumati, "Kaya amai atopa?" Wina amene tinamufunsa njira anatilozera kwa sing'anga wa mizimu. Wina anandiyang'ana ndikucheza ndi mtengowo, n'kufunsa apongozi motsitsa mawu kuti, "Anayamba liti awa?" Tinazungulira mpaka nsapato zinandituputsa matuza, kenaka mesenjala wina wachifundo anatifikitsa pakhomo penipeni.

Katswiriyo anali mzungu wamkazi wachikulire. M'chipinda mwake munalibe jakisoni, munalibe botolo, munali mipando basi. Womasulira wake anali kumaliro, choncho anati ndimasulire ndine, n'kuika mpando wanga moyang'anizana ndi wa apongozi. Ndinaunyamula n'kuutembenuzira kukhoma. Mzunguyo analemba kenakake, kenaka anandifunsa mwaulemu kuti ndinayamba liti kuopa anthu. Ndinatuluka thukuta kufotokoza kuti wodwala si ine.

Anatiuza kuti iye sapereka mankhwala. Ntchito yake ndi kufunsa ndi kumvetsera mpaka munthu atatulutsa chimene chikumulemera mumtima. Ndinapsa mtima. Ulendo wonse uja, matuza onse aja, kudzangocheza?

"Afunseni," anatero, "akagona amaganiza chiyani?"

Ndinafunsa khoma. Kumbuyo kwanga apongozi anakhosomola.

"Muwauze kuti niganiza za munthu amene afuna kunitengela mwana."

Ndinamasulira. Mzungu anafunsa kuti munthuyo ndani.

"Ni uyu wayang'ana kuchipupa."

Apo ndiye anatsegula mpopi. Mayi amene sanandiuzepo mawu opitirira moni anakumbukira nkhokwe imene ndinamanga yopendekeka, khasu limene ndinathyola, ndi mmene ndimadyera ndiwo ngati kulibe ana. Ine kumasulira zonsezo m'Chizungu, mokweza, nditayang'ana khoma: akuti ndine waulesi, akuti ndimaliza mkonono womveka mpaka kukhola. Mzunguyo ankangogwedeza mutu n'kumati, "Apitirize." (Akanakhala mnzanga ndikanamuponda phazi.)

Kenaka mawu awo anatsika. Anati amuna awo anamwalira, ana aamuna anapita kumigodi osabwerako. "Manje Tisauke akayenda, nizakamba na ndani? Na mdzukulu nizamuonela kuti?" Izi ndinamasulira movutika. Ndinachita manyazi kuposa pa nkhani ya nkhokwe ija.

Mzungu anati zotsalazo si za iye, tiuzane tokha, ndipo anandipempha nditembenuze mpando. Ndinautembenuza theka, maso kunsapato. Sindikudziwa chimene chinandilowa, koma pakamwa panga panatuluka mawu akuti, "Amai, nyumba ya ku Nyimba ili na zipinda ziwili."

Pobwerera apongozi anagona m'basi kuchokera ku Lusaka mpaka ku Luangwa, mkonono wawo womveka mpaka kumatumba a mtedza komwe ndinali. (Ine ndi amene ankati ndimaliza mkonono.)

Apongozi anandilola kutenga mkazi wanga, inde. Tinasamukira ku Nyimba tili atatu. Mayiwo anachiriratu, ananenepa, ndipo madzulo alionse ndikangoweruka ndinkamva, "Apongozi, bweletsani mpando. Adokotala anati nizikamba." Tsiku lina nditatopa ndinayesa kuutembenuzira kukhoma monga mwa mwambo. Anandiuza kuti ndikafuna mwambo tibwerere tonse kwa Kalindawalo, ndikawongole nkhokwe ija. Ndinatembenuza mpando.